Chimene Chinachepetsa Mutu wa Mayi wa Pamsewu

Inu akumbuyoko musavutike kusendera kuno. Mawu anga amafika kutsidya kwa msewu ngakhale lole ikudutsa, n'chifukwa chake kuno amanditcha Chimkuzamawu. Dzina langa ndine Kalisto, mfunda wanga Mbewe. Ena mwachokera ku Mtakataka, ena ku Golomoti, ena kumidzi ya kunyanja, kudzaona mmene gulu lathu la zaluso limayendera. Apampando athu, mayi Nachisale, andiuza kuti ndiyambe ine kuyankhula, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Pamene timapatsana moni ndamva fungo la dzulo pakamwa pa ena a inu. Sinditchula munthu. Fungo limenelo ndayenda nalo zaka zambiri, ndimalizindikira ngakhale munthu atatafuna masamba a bulugamu.

Yang'anani chiboliboli chachikulu chaima pamsewupo, mayi wobereka mwana. Pofika paja ndakuonani mukugundana zigongono. Sekani momasuka, aliyense amaseka. Thupi ndi la mayi wodya bwino, koma mutu ndi wa kamtsikana. Ndikuuzani chimene chinachepetsa mutu umenewo.

Ine ndinali mmisiri, ndipo pamenepa sindidzichepetsa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2. Pa zilembo zonse ndinatolako K yekha, ndipo ndinkamudinda ndi mpeni pansi pa chilichonse chimene ndasema. Sompho yanga anandisiyira atsibweni anga, mpini wake unachita kusalala ndi thukuta la anthu awiri. Alendo obwera kudzaona ku Mua ankasiya galimoto pamsewu n'kuyenda wapansi mpaka kwathu, akufunsa kuti amakhala kuti bambo wa maso uja. Osema tinalipo ambiri, koma maso a anzanga ankatuluka ngati a nsomba ya pamsika. Anga ankakuyang'ana. Mayi wina wa m'tauni anabweza chiboliboli changa, ati chikumulondola ndi maso m'nyumba monse mpaka akulephera kuvula.

Ndiye masowo ndinkawasemera kuseri kwa mpanda wa bango, ndekhandekha. Munthu akangokhosomola panjira, ndinkavundikira nkhope ndi chiguduli. Ngakhale ana anga sanaonepo mmene ndimachitira. Panali mnzanga wa kuubwana, Lazalo, mfunda wake Ngozo, tinkaweta mbuzi limodzi. Munthu wa manja odekha, wosayankhulayankhula, koma ankangosema njovu ndi mipando. Iye ankanditcha a Mbewe, ine ndinkangoti iwe Lazalo. Anandipempha kambirimbiri kuti ndimuonetse maso. Tsiku lina ndinamuyankha pamsika wa Golomoti, anthu onse akumva, kuti abwerere ku njovu zake, popeza njovu ukangoiboola timabowo tiwiri yaona kale. Msika wonse unaseka. Iye anangotola njovu zake.

Kachasu ndinamuyamba ngati mphoto. Ndikagulitsa, velemoti imodzi. Kenako ndisanagulitse. Kenako m'mawa, kuti dzanja likhazikike. Mtengo umafuna kuudikira uume, koma ludzu silidikira, ndiye ndinayamba kusema mitengo yaiwisi, nkhope n'kumang'ambika pakati zili kale m'nyumba za eni ake. Ndinayamba kutenga mtengo wamba, kuupaka polishi wakuda wa nsapato n'kumati ndi phingo. Alendo analeka kutsika galimoto. Kuchoka pa nkhope ndinatsikira ku mitondo, kuchoka ku mitondo ndinafika pa mithiko ndi zipande. Ine, Kalisto, kuyenda khomo ndi khomo ndi mithiko m'khwapa. Matchizulo anapita imodzi imodzi. Sompho ya atsibweni ndinaisiya kwa mayi wotcheza kachasu, ndi mawu akuti ndidzaitenga mawa.

Ine ndinali mkamwini, nyumba ndinamanga kwawo kwa akazi anga. Tsiku lina ndikuchokera komwa ndinapeza mphasa yanga yopinda bwinobwino pansi pa mtengo wa mango, zovala zili pamwamba. Akazi angawo sanakalipe. Anangoima pakhomo n'kundiuza kuti njira ya kwathu ndikuidziwa. Ndinapita kwa mlongo wanga, anandipatsa khitchini, ndinkagona ndi nkhuku. Ndipo manja anayamba kunjenjemera osaleka. Tiyi ndinkamwa theka, theka linkamwa malaya.

Chimene sindiiwala ndi ichi. Ndinafika kwa mayi wa kachasu uja n'kumupeza akuwazira nkhuni sompho ya atsibweni anga, akuimenyetsa pamwala, kukamwa kwa somphoyo kutabenthukabenthuka. Ndinaona ndi maso angawa. Sindinanene kanthu, chifukwa ndinkayembekezera kuti andilawitse zotsalira m'botolo. Mawu onsewa ndili nawo, tsiku limenelo sanatuluke.

Nthawi yonseyi mayi Nachisale anali pakalikiliki. Iwo ndi oumba mbiya ndi miphika. Anatopa kuona aliyense akunyamula katundu wake yekha kupita ku msika, aliyense akutsitsa mtengo kuti apweteke mnzake, madzulo onse kubwerera ndi katundu yemweyo. Anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi, pena pa kabaza pena wapansi, kufunafuna oluka mikeka ndi madengu, osema, oumba, ojambula zithunzi. Ankawauza kuti ngolo imodzi ingathe kunyamula katundu wa anthu ambiri, ndipo chisakasa chimodzi pamsewu chingaimitse galimoto imene munthu mmodzi sangaiimitse. Anafika ndi kwa ine, kukhitchini kuja. Anandifotokozera kuti pagulu pawo chinthu chimodzi chimadutsa m'manja ambiri, wina kugwetsa, wina kusema, wina kusalaza, wina kupaka. Ndinawayankha kuti ine sindisema mwana wa abambo asanu. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine, anati chabwino, n'kutsanzika.

Chaka chimenecho mvula inagwetsa mtengo waukulu wa mbawa m'mbali mwa mtsinje, ndipo mudzi unaupereka ku gulu. Inu osema mukudziwa, mbawa wotero masiku ano sungamuonenso, tinamaliza tokha. Anaukoka ndi ng'ombe zobwereka, anaugoneka pamthunzi mpaka mvula ina inabwera n'kupita. Anagwirizana zosema mayi wamtali woti aime pamsewu, oyendetsa galimoto azimuonera patali n'kuponda buleki. Oumba anayamba aumba kamayi kadothi kuti onse aone chimene akufuna. Amuna anasema thupi. Amayi oluka ndiwo ankalangiza mmene mbereko imamangidwira, ati amuna mumaberekesa mwana ngati thumba la chimanga. Zonse zinatheka. Panatsala nkhope.

Amene anabwera kwa ine ndi Lazalo. Anakhala pa chitsa, anatulutsa chinthu m'thumba n'kuchiika pamapazi panga. Inali sompho ya atsibweni, yonoledwanso, ikuwala. Anali atamusemera mayi wa kachasu uja mtondo watsopano kuti amupatse.

Anati, "A Mbewe, nkhope yatsala. Maso ife sitiwatha, mukudziwa nokha."

Munthu wanzeru akanamuonetsa manja. Ine ndinawabisa m'khwapa. Ndinati ndibwera, koma mundimangire mpanda, ndipo munthu asasuzumire. Anavomera. Amayi anazunguliza mikeka yawo yogulitsa kumutu kwa chipika, n'kundisiyira kakhomo.

Tsiku la ntchito ndinadzuka manja akuvina okha. Ndinadutsira kwa mayi wa kachasu uja, ndinati pang'ono pokha, ka mankhwala. Inu amene mukundimva mukukadziwa kamankhwala kameneko. Ndinalowa mumpanda, ndinakhala pansi, mutu wa chiboliboli uli pakati pa miyendo yanga. Abale anga, mbawa uja anali wokoma. Wofiira, wouma bwino, ukamugunda akulira ngati ng'oma. Ndinajambula ndi khala. Mphumi inatuluka. Mphuno inatuluka. Milomo inatuluka. Mtima unayamba kundiuza kuti Kalisto wabwerera. Kunja ndinkamva amayi akukwecha miyendo ya chiboliboli ndi sandipepa, akukambirana za tsiku lodzachiimika, wina akuti adzavala chitenje chatsopano.

Ndinafika pa diso lakumanzere. Ndinaika tchizulo pansi pa nsidze, ndinakweza hamala. Dzanja logwira tchizulo linagwedera pang'ono chabe, ngati munthu wakugunda pa chigongono, ndipo hamala inali itatsika kale. Tchizulo inalowa motsata mitsempha ya mtengo. Ndinangomva kuti thee. Chibenthu chinachoka kuyambira pa diso, kutenga tsaya lonse ndi mbali ya mphuno, n'kugwera pamwendo panga.

Ndinachitola. Ndinachibwezera pamalo pake, chinakwana ndendende, ndikachisiya chinkagwa. Ndinachipaka malovu, ine munthu wa imvi, ngati mwana wathyola mbale ya amake. Chinagwa. Ndinachibwezeranso. Sindikudziwa ndinachita kangati. Kenako ndinavundikira nkhope ndi chiguduli monga ndinkachitira kale, koma tsopano pansi pa chiguduli panalibe luso, panali bala. Ndinaganiza zotulukira kuseri n'kulowera m'chimanga. Koma ndinangokhala, chibenthu chili m'manja, ndikumvetsera anthu akuseka kunja, osadziwa kuti ntchito yawo yafera mkati muno.

Dzuwa litafika pamutu, mayi Nachisale anachita odi pa kakhomo kaja, ati hamala yakhala chete nthawi yaitali. Analowa, anandiyang'ana, anachotsa chiguduli. Kenako anayamba kumasula mikeka umodzi umodzi, mpaka gulu lonse linaona.

Mayi wa chitenje chatsopano uja anakhala pansi padothi, sandipepa ili m'manja. Amuna ena anayamba kuwiringula, wina anati andikokere pamsewu, wina anati analakwa ndi amene anakatenga chidakwa. Ine ndinkafuna andimenye, zikanandipepukira. Palibe anandikhudza. Lazalo anagwada pamutu paja, anayeza ndi zala kuchokera pa bala mpaka kunkhongo, anayezanso. Anati mtengo ulipo wokwana nkhope ina kuseri kwa yowonongekayi, tikaseta zonse n'kuyambiranso, koma mutu uchepa, ndipo nkhope yake ndi imodzi yokha. Ikalakwikanso, mayi ameneyu ndi nkhuni.

Ndinati mundipatse mawa, mawa ndibwera wosamwa. Ndinatambasula manja kuti ndiwaonetse. Abale anga, anandichititsa manyazi pamaso pa anthu onse, ankanjenjemera ngati masamba a mlaza. Ndinawalamula mumtima kuti aime, sanandimvere.

Mayi Nachisale anati, "A Mbewe, tchizulo simugwiranso pa mtengo uwu, ndipo mpanda sitimanganso. Manja akhala a Lazalo. Inu muziyankhula. Si ndinu Chimkuzamawu?"

Ndinati, "Mayi, ndikanena chinsinsi cha maso, nditsala ndi chiyani? Nyumba ndilibe, akazi ndilibe, manja ndi awa. Chatsala n'chimenechi."

Anati, "Ndiye mupite nacho kukhitchini, muzikauza nkhuku."

Ndinapitadi. Ndinakhala kukhitchini masiku angapo, ndikusanza, ndikutuluka thukuta, mlongo wanga atakhala pakhomo ndi mtondo wake kuti ndisatuluke. Ataona kuti zafika poipa ananditengera kuchipatala pa kabaza. Kumeneko anandithandiza, koma anandiuza mosabisa kuti manjawa mwina achepetsako, mwina ayi. Pobwerera tinadutsa pa chisakasa. Ndinaona mayi wamtengo uja atagona chagada, nkhope yosetedwa yonse, yosalala ngati dzungu. A gulu sanaikhudzenso. Ankadikira. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ndikusunga chuma kuseri kwa mpanda. Tsiku limenelo ndinaona kuti chumacho chili m'mutu mwa munthu amene sangathenso kumanga batani la malaya ake, ndipo chikalowa naye m'manda.

M'mawa mwake ndinapita. Gulu lonse linalipo, oluka, oumba, ojambula. Ndinakhala pambali pa Lazalo, manja ndinawakhalira kuti asandisokoneze. Anasema mphumi, mphuno, milomo, ine ndikukuwa kuti pang'ono, usathamange, tembenuza tchizulo. Tinafika pa maso. Ndinati, "A Ngozo." Anatembenuka kufunafuna amene akumuitana, chifukwa chibadwire sindinamutchulepo choncho.

Ndinati, "A Ngozo, diso silisemedwa. Inu nonse mumasema mpira n'kuboola pakati, n'chifukwa chake limafa. Semani chikope cha m'mwamba chokha, mulowe pansi pake mopendekeka, mozama, ngati khonde la nyumba. Pansipo musakhudze. Mthunzi wa chikopecho ndiwo diso. Munthu akasuntha, mthunzi umasuntha naye."

Anandiyang'ana. Anati, "Zaka zonsezi, ndi kanthu kameneka?"

Ndinati ngati ndi kanthu kochepa, bwanji simunakatole nokha pamene munkaboola njovu. Anthu anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuseka pa chisakasa paja chigwereni tsaya.

Anasema. Sindinaonepo munthu akulowetsa tchizulo modekha chotero. Ine panalibe chimene ndikanachita, olo chimodzi. Tchizulo ikanaterereka ndikanangoonerera. Diso loyamba linatha. Lachiwiri linatha. Mayiyo atagona pamthunzi paja sipankaoneka kanthu, ena anayamba kunong'onezana. Ndinati mudzutseni, ayang'ane kumsewu. Anamukoka ndi zingwe, anamuimika, dzuwa linamugwera kuchokera pamwamba. Mayi uja anatsegula maso. Anayang'ana mayi Nachisale, anayang'ana Lazalo, anandipeza ine kumene ndinaima. Anali maso anga, ndipo dzanja langa silinakhudzepo. Ndinawauza kuti ndikukataya madzi, ndinapita kuseri kwa chisakasa, ndipo ndinachedwako.

Tsopano mwabwera kuti mumve zoti mukachite kwanu, ndiye ndikuuzani zimene zandigwira ine mpaka lero. Si nzeru zanga, anandichitira ndi anzangawa.

Zida zanga sizigona kwathu. Zimagona m'bokosi la gulu, kiyi amasunga apampando. Sompho ya atsibweni ndimachita kupempha m'mawa n'kubweza madzulo ngati mwana wasukulu. Poyamba zinkandiwawa. Koma chida chimene sichili m'khwapa mwako sungakachisiye kwa wotcheza. Gawo langa la zogulitsa salipereka m'manja mwanga, amapereka kwa mlongo wanga, ndinavomera ndekha pamaso pa gulu. Kuno munthu sagwira ntchito payekha, tonse timakhala pansi pa denga limodzi, ndipo chakudya cha masana timadyera pamodzi, kotero amene sanabwere amadziwika msanga ndipo amatumidwa munthu kukamuona. Mtengo wauwisi sulowa muno. Polishi wa nsapato ndi wa nsapato. Kumtsinje kumene kunagwa mbawa uja tinadzalako ana ake, timasinthana kuthirira, ngakhale ine sindidzawasema.

Ntchito yanga ndi pakamwa. Ndimagwira zipika ndi miyendo anzanga akamasema, ndimasenda makungwa ndi sompho popeza pamenepo kunjenjemera sikuwononga kanthu, ndipo tsiku la msika ndimayenda kuitana amisiri amene akadabisala kuseri kwa mipanda yawo. Ena a inu ndinakupezani choncho. Munandithamangitsa, koma mwabwera.

Musandione ngati munthu wochira. Manja ndi awa, onani, sanabwerere. Supuni imandivutabe. Akazi anga amandipatsa moni pamsika ngati mlendo, ndipo sindiwadandaula. Chiyambire ndagwapo kawiri, ulendo wina anakanditola mu ngalande ndi a Ngozo omwewa, n'kundikweza pa ngolo ya madengu. Njira yochokera kwa mlongo wanga kubwera kuno imadutsa pa mphambano yopita kwa mayi wa kachasu. M'mawa uliwonse ndimaima pamenepo, ndipo sindidziwa kuti miyendo isankha kuti. Lero yasankha kuno. Za mawa sindingakulonjezeni, ndinalonjeza kale anthu ambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikapanda kufika, pali anthu amene aone kuti chitsa changa chilibe munthu.

Pansi pa mayi wa pamsewuyo palibe K. Palibenso dzina la munthu aliyense. Alendo akaima amafunsa kuti anasema ndani, ndipo ndimawalozera. Miyendo ndi ya uje, mbereko analangiza amayi awo, kusalala konseko ndi kwa aja akuluka mikeka, nkhope ndi ya a Ngozo. Akafunsa kuti nanga inu agogo mbali yanu ndi iti, ndimawauza zoona. Mbali yanga ndi mutu waung'onowo. Mtengo umene ukusowa pamenepo ndinaudya ndine.

Chibenthu chija ndikadali nacho, ndi ichi m'thumba mwangamu. Chizungulitseni, aliyense achigwire, makamaka inu a bulugamu. Mukatha, amene wabwera ndi tchizulo asendere pa chipika icho. Maso ndikuonetsani pompano, poyera, wina aliyense akuona. Ine manja ndilibe. Bweretsani anu.